Mai Chimpeni Aphunzira Kulowetsa Ulusi

Mai Etta Chimpeni anasoka makolala a malaya zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri mufakitale ina ku Woolwich. Tsiku limene fakitaleyo inatsekedwa, mu 1996, mabwana anawapatsa kapu. Kapu yomwera tiyi, yolembedwa kuti zikomo. Atafika kunyumba anaitembenuza n'kupeza kuti nayonso inapangidwa kunja, komwe kunkachokera malaya otchipa amene anawadyera ntchito. Sanamwerepo tiyi. Anaikamo mapini.

Amuna awo, a Reinford, amene anawabweretsa ku London, anali atagona kale kumanda a ku Plumstead zaka zinayi. Anasiya jekete, Baibulo ndi mkazi wokwiya. Mwini fulati sankadziwa kuti kuli mawu oti wamasiye, ankangodziwa tsiku la lendi.

Ku ofesi ya anthu osowa ntchito anawauza kuti asadandaule, pali chithandizo cha anthu onga iwo. Bwana aliyense amene angatenge munthu wochotsedwa ntchito chifukwa cha katundu wakunja, n'kumuphunzitsa ntchito miyezi isanu ndi umodzi, boma limuthandiza theka la malipiro. Koma panali lamulo lachitatu: ntchitoyo ikhale yachilendo kwa wophunzirayo. Wosoka asaphunzire kusoka.

"Ndiye ndiphunzire chiyani, kuyendetsa ndege?" anafunsa Mai Chimpeni.

Anawatchulira kompyuta. Iwo sukulu analekera Sitandade 5 kwawo ku Ntcheu, ndipo maso anali atayamba kale kukangana ndi zilembo. Anatuluka osatsanzika.

Amene anabwera ndi nzeru ndi a Goodwell Tembo, m'Zambia wa ku Chipata wokulira ku Lusaka, amene anali ndi kashopu kokonza zovala ku Lewisham. Wosoka m'shopumo anali mkazi wawo, koma anatopa nawo n'kubwerera ku Lusaka, kuwasiyira makina atatu ndi tepi yoyezera. Tepiyo a Goodwell ankaikoleka m'khosi ngati dokotala. Ntchito yawo yeniyeni kale inali yoyendetsa basi.

"Amai, nkhani ni yosavuta," anatero a Goodwell, atayala fomu patebulo. "Apa tilemba ati munali kulonga chabe malaya mu makatoni. Fakitale inatseka, bazafunsa ndani? Manje ine nizankhala ticha wanu."

"Inuyo? Mumadziwa kumene ulusi umalowera?"

"Niziba kwamene siginecha imangena."

Mai Chimpeni anayang'ana fomuyo nthawi yaitali. Wolongedza malaya weniweni ankamudziwa: Mai Lois Makwinja, mnzawo wa ku Mulanje, amene nawonso anali pakhomo kudikira kuti dzina lawo lifike pamndandanda wa ku ofesi ija. Kulongedza si ntchito yonyozeka, koma si imene inawapinda msana iwowo. Komabe lendi ndi lendi. Anasaina, cholembera chinachita kuboola pepala.

Boma linatumiza kabuku ka maphunziro. Sabata yoyamba: kulowetsa ulusi m'singano. Sabata yachiwiri: kusoka mzere wowongoka papepala. Lachisanu lililonse a Goodwell ankakhala pakauntala, kunyambita cholembera, n'kumalemba za wophunzira wawo. Akuyesetsa. Manja akadali olimba. Akufunika kuleza mtima. Nthawi yomweyo wa manja olimbayo anali kuchipinda chakumbuyo, akufupikitsa mathalauza, kusintha mazipi, kukulitsa madiresi a akwatibwi amene ananama za m'chiuno mwawo. Makasitomala ankayamika a Goodwell, iwo n'kumagwedeza mutu modzichepetsa, dzanja lili patepi.

Sabata yachisanu ndi chinayi kunabwera kalata yoti Lachinayi kubwera woyendera kudzaona mmene maphunziro akuyendera.

"Amai, napapata, mukankhale mbuli," anatero a Goodwell. "Sizasi muigwire monga kambwiri kolimira. Bakaziba ati mumasoka, bazadula thandizo, ndipo ine malipiro onse ningakwanise lini. Muzabwelela kunyumba."

"Umbuli ndiuonera kwa inu, musade nkhawa."

Woyenderayo anali mzungu wamtali, dzina lake Marjorie, wa chikwama chodzaza mapepala ndi nkhope ya munthu amene wakwera mabasi atatu. Mai Chimpeni chimene anayamba kuona ndi mpendero wa siketi yake, wosomphoka kumbuyo, wogwidwa ndi kapini. Zala zinawayabwa. Anazibisa m'khwapa.

Marjorie anapempha kuti wophunzira asoke mzere. Mai Chimpeni anakhala pamakina, kufunafuna chopondera ndi phazi ngati sachidziwa, kuphonya singano kawiri, kenako n'kusoka mzere wokhotakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa. Zinawapweteka kuposa kuzula dzino. Marjorie anamwetulira n'kunena m'Chingerezi kuti poyamba aliyense zimamuvuta, asataye mtima.

"Mtima ndinataya kale, mwana iwe," anatero m'Chichewa, akumwetulira nawonso.

"Bakuti zikomo," anamasulira a Goodwell.

Zikanathera pomwepo. Koma Marjorie anatembenuza tsamba n'kunena kuti kwatsala lamulo lachisanu ndi chiwiri: woyendera aone mphunzitsi akuphunzitsa phunziro la sabata imeneyo. Phunziro la sabata yachisanu ndi chinayi linali kulumikiza kolala.

Thukuta linatuluka pamphuno pa a Goodwell. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsomphola chovala choyamba chimene dzanja linakhudza pahang'ala. Inali bulauzi yoyera, kolala yake ili pambali, yongogwidwa ndi mapini.

Imeneyo inali yunifomu ya Mvano ya Mai Lois. Zaka zitatu mayiwo akudikira kuvekedwa, ndipo Lamulungu likudzalo abusa ochokera kumudzi, amene anali paulendo ku London, ankadzawaveka pamaso pa amayi anzawo muholo ina ku Lewisham komweko. Nsaluyo inachokera ku Limbe, m'sutikesi ya mphwawo. Ina yoteroyo kunalibe. Mai Chimpeni, amene yawo anavekedwa asanakwere ndege, anaidula okha nsaluyo atasamba m'manja kawiri.

"Imeneyo ayi," ananong'ona.

"Nkhalani zii, amai," anayankha a Goodwell mano ali pamodzi. Kenako anakweza mawu m'Chingerezi, kuuza wophunzira wawo kuti ayang'anitsitse.

Anakhala pamakina amene munali ulusi wofiira, wotsala pa diresi la dzulo. Kolala anaiika chadodolido. Mai Chimpeni anayang'ana kudenga. Anaganiza za lendi. Anaganiza za mzera wa ku ofesi ija, ndi kompyuta. Anayamba kuimba nyimbo ya m'buku chamumtima. A Goodwell anaponda chopondera ngati akuthamangitsa basi pa msewu wa ku Catford. Makina analira, nsalu inakwinyika, ulusi wofiira unapiringizana pansi ngati matumbo a nkhuku, zonse n'kuima.

"Izi zimachitika," anatero a Goodwell kwa Marjorie. "Apa timangojuba pang'ono."

Anatenga sizasi n'kulozetsa pansalu yoyera ija.

"Chokanipo!"

Mpando unagubuduka ndi mwini wake yemwe. Mai Chimpeni anali atalanda kale sizasi. Anamasula bobini, kusomphola ulusi wofiira umodziumodzi ndi nsonga ya pini osasiya bala, kulowetsa woyera maso ali pa a Goodwell, pakamwa pakugwa mawu.

"Ulusi wofiira pa yunifomu ya Mvano! Mukuyesa ndi malaya a timu ya mpira? Munabadwira m'tchire inu? N'chifukwa chake mkazi anakuthawani, anaona kuti tsiku lina mudzamudula khutu. Tepi m'khosi ngati mbuzi yogulitsa!"

Makina anayamba kuyenda monga amayendera akadziwa mwini wake. Kolala inatembenuzidwa, nsonga zake zinatuluka zofanana ngati mapasa, mzere unayenda wowongoka kuchokera uku kukafika uko osapuma. Anadula ulusi ndi mano, kukutumula bulauziyo, n'kuikoleka. Mphindi zinayi sizinakwane.

A Goodwell anali akadali pansi.

Mai Chimpeni anadziwa kuti ntchito yapita. Ndiye popeza wakufa saopa kununkha, anatenga singano yamanja, kukodola Marjorie, kumutembenuza ngati mwana wa sukulu, n'kugwada kumbuyo kwake. Anachotsa kapini kaja n'kupenda siketiyo mwini wake ali chiimire, mapepala ali m'manja.

"Mkazi wamkulu, wa boma, kuyenda ndi pini," ankadandaula. Izi a Goodwell sanamasulire.

Marjorie anakhotetsa khosi kuyang'ana mpenderowo, kenako anafunsa kuti mayiwa asoka zaka zingati.

"Seventini," anatero Mai Chimpeni. Chingerezi chawo chinali chachifupi koma chinkafika kumene chikupita. Ananena zonse: makolala mazana atatu patsiku, kapu ya zikomo, bodza la pafomu. Wolongedza weniweni, anatero, ndi mwini bulauziyi, ndipo ali pakhomo mpaka lero.

Marjorie anakhala pampando n'kupuma mozama. Anafotokoza kuti mayiwa sangapitirize ngati wophunzira, zimenezo zatha. Ndiponso shopuyi ichotsedwa m'kaundula, chifukwa lamulo lachisanu limati mphunzitsi akhale wodziwa ntchitoyo zaka zosachepera zisanu, wolembedwa ntchito pamalopo. Ananenanso, akusisita m'maso, kuti nkhani ya bodza ili ndi mafomu akeake, masamba khumi ndi awiri, ndipo iyeyo ndiye adzawalembe.

"Lamulo lachisanulo abwerezenso," anatero Mai Chimpeni kwa a Goodwell. "Ndipo mumasulire zoona, ndikumva."

Anabwereza.

"Zaka zisanu? Ine ndili nazo katatu, n'zina zapamwamba. Mphunzitsi ndi uyu waima apayu. Wophunzira ndi Lois, amene sadziwa ngakhale kumene singano imayang'ana. Akafuna wachiwiri, olongedza analipo asanu ndi mmodzi, onse ndikudziwa makomo awo."

"Manje amai, malipiro yanu yonse nizayachosa kuti?" analira a Goodwell.

"Kumene mwakhala mukuchotsa zikomo wa makasitomala. Mukakana, nayi sizasi, Loweruka kukubwera mkwatibwi."

A Goodwell anayang'ana sizasiyo, anayang'ana madiresi asanu ndi awiri amene anali pahang'ala, n'kuvula tepi m'khosi.

Anthu a m'maofesi amaopa fomu yaitali kuposa imfa. Marjorie anatulutsa ziwiri zazifupi. Pa yoyamba analemba kuti wophunzira Etta Chimpeni wamaliza maphunziro m'masabata asanu ndi anayi okha ndipo walembedwa ntchito. Pa yachiwiri analemba kuti mphunzitsi Etta Chimpeni wasoka zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mapepalawo, anatero, amapita kumaofesi awiri osiyana, ndipo maofesiwo salankhulana.

Lamulungu Mai Lois anavekedwa, kolala itaima bwinobwino. Patapita masabata atatu dzina lawo linatuluka, ndipo Lolemba m'mawa anafika kushopu atanyamula kabuku katsopano. Anapeza mipando iwiri itaikidwa kutsogolo kwa makina. Pa umodzi panali patakhala kale a Goodwell, singano ili m'manja, diso limodzi atatsinzina.

"Awa akutaninso?" anafunsa Mai Lois.

"Akuyesetsa," anatero Mai Chimpeni, akutapa mapini m'kapu ija. "Koma manja ndi olimba. Khalani apo, achemwali. Sabata yoyamba."