Chitenje cha Mayi Aang'ono

Ku koleji ya azamba, Tiyanjane ankadziwika ndi manja ake. Aphunzitsi akagoneka pabedi chidole chija cha mimba yapulasitiki n'kufunsa woti ayambe, anzake ankayang'ana pansi ngati ataya ndolo, iye n'kukhala atafika kale pasinki akusamba m'manja. Ankachipapasa chidolecho mosaopa. Ankayamba pamwamba kuti adziwe pomwe chiberekero chalekezera, kenako m'mbali kuti apeze msana wa mwana, n'kutsikira m'munsi kukagwira mutu. Chidoletu sichichita manyazi, sichikuyang'ana m'maso, ndipo sichinakusambitsepo uli wakhanda. N'chifukwa chake mtsikanayu ankadziona ngati mzamba wotheratu, chikhalirecho chaka choyamba chisanathe n'komwe.

Nthawi yokaphunzira pa anthu enieni itakwana, anamutumiza ku kachipatala ka ku Bangwe, kufupi ndi komwe ankakhala. Iyeyu kwawo kunali ku Nsanje, koma chiyambire fomu wani ankakhala ndi a Teresa, mng'ono wawo wa mayi ake, pamodzi ndi amuna awo a Laurenti, omwe ankakhoma mipando ku Chirimba. A Teresa anali mayi ake ndithu, osati apakamwa chabe. Ndi iwo anamukhazika pamkeka atatha msinkhu n'kumuuza za ulemu: mwana saponda kuchipinda kwa makolo, mwana akaona chitenje chapachikidwa pabafa amabwerera, ndipo mwana saona thupi la amake, ngakhale mchombo wokha.

Tsono a Teresawo anali oyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu. Pakhomo nkhaniyi sinkatchulidwa. Mimba inkalowa m'chipinda mwiniwake asanalowe, koma aliyense ankachita ngati sakuiona. Sanali manyazi okha. Zaka ziwiri m'mbuyomo a Teresa anali ndi pathupi pena, ndipo mwanayo anafera m'mimba atatsala pang'ono kubadwa. Tizovala take tinali tidakali m'sutikesi pansi pa bedi. Ndiye atamva kuti Tiyanjane azigwira pachipatala chapafupicho, a Teresa anasamutsa sikelo yawo mwakachetechete, n'kumakwera minibasi kukapimitsa ku Limbe. Tiyanjane anadziwa chifukwa chake, ndipo kunena zoona mtima wake unakhala pansi.

Pa anthu ena ntchito inkayenda. A Sista Olive, mzamba wamkulu yemwe ankamuyang'anira, anali mayi wamfupi, wa mawu omveka mpaka kugeti, ndipo kuyamikira munthu sikanali kachitidwe kawo. Koma tsiku lina anamuona akupima mtsikana wa mimba yoyamba n'kunena kuti, "Manjawo alipo." Mawu awiri okhawo Tiyanjane anayenda nawo sabata yonse.

Tsiku limene nkhaniyi inachitika kunali kutentha kwa Okutobala kuja, komwe malata amalira okha. Amayi a sikelo anali atapita, mabenchi ali mbee. Namwino wina anali ataperekeza wodwala pa ambulansi ku chipatala chachikulu, ndipo a Sista Olive anali ku leba ndi mayi yemwe matenda anali atamugwira zolimba. Tiyanjane ankapukuta bedi lopimirapo pamene anamva munthu akuodira chapansipansi pakhomo.

Anali a Teresa. Anavala sandasi za kubafa, mpango uli pambali, thukuta lili kamukamu.

"Amayi, kwagwanji?"

A Teresa sanamuyang'ane. Maso awo ankafunafuna kumbuyo kwake. "Anamwino akuluakulu ali kuti?"

"Ali ku leba, akuthandiza munthu. Tandiuzani, chavuta n'chiyani?"

Poyankha ankauza khoma. "Sakusewera. Chidzukire m'mawa sanagunde olo kamodzi. Ndamwa madzi ozizira, ndagonera mbali iyi, ndagonera inayi, zii. Ku Limbe kwanditalikira."

Tiyanjane sanafunsenso zina. Anathamangira ku leba n'kulankhulira pakhomo. A Sista Olive, magolovesi ali m'manja, sanatembenuke n'komwe.

"Agoneke, uwapime, umvere mtima wa mwana. Ine ndikubwera ndikangomasuka kuno."

Kamakina ka mabatire komvera mtima wa mwana kanali komweko ku leba, kali pa ntchito. Chomwe chinatsala chinali fitosikopu, kachipangizo kooneka ngati kalipenga kamene mzamba amaika pamimba n'kutsamiritsapo khutu. Tiyanjane ankakadziwa bwino. Anasamba m'manja, anakoka katani, n'kupempha a Teresa kuti akwere pabedi.

A Teresa anakwera, koma anakwera ngati mayi yemwe mwana wake ali m'chipindamo. Bulauzi anangoikweza pang'ono. Chitenje anachimanga pamwamba pa mchombo, ndipo dzanja lawo linali pomangira pomwepo, litagwira zolimba. Khungu lomwe linaoneka linali kamzere kopapatiza pansi pa nthiti.

Akanakhala munthu wina, Tiyanjane akanati masulani mayi, tiyambepo. Mawu amenewo anali atawanena kambirimbiri mwezi umenewo. Koma kwa amake sanawanene. Anaika nsonga za zala pakamzere kaja ngati akuyesa kutentha kwa simbi, maso ali kuzenera. M'mbali anangosisita pamwamba pa nsalu. Kumunsi sanayerekeze n'komwe. Kenako anatenga fitosikopu n'kuika pamwamba pomwepo.

Anamva matumbo akulira. Anaisuntha pang'ono, n'kumva chiphokoso cha nsalu ikukhula pachitsulo. Anaiika pamwamba pa chitenje, mopepuka, kuopa kudina amake, dzanja lake likadagwirabe kachipangizoko. Anamva magazi ake omwe akuwomba m'khutu. Mwana sanamumve.

Ku koleji amaphunzitsa kuti nkhope ya mzamba isamalankhule mwiniwake asanalankhule. Ya Tiyanjane inali italankhula kale. Atadzutsa mutu anapeza a Teresa akumuyang'ana, ulendo uno m'maso mwenimweni.

"Tadikirani pang'ono, ndikaitane a Sista," anatero, n'kutuluka msangamsanga.

Pakhomo la leba anaima ngati mwana woti waswa mbale. "Sista, sindikumva kanthu."

"Msana wa mwana uli mbali iti?"

"Sindikudziwa, Sista."

"Mutu uli pansi kapena pamwamba?"

"Sindinagwire bwinobwino."

Apa m'pamene a Sista Olive anacheuka. "Ndiye wapima chiyani? Wamvera pati?"

"Pamwamba pa mchombo. Ndi pachitenje." Anatsitsa mawu. "Ndi amayi anga aang'ono, Sista. Ndi amene anandilera."

A Sista Olive anamuyang'ana kanthawi kochepa, ndipo m'maso mwawo munalibe ukali womwe iye ankayembekezera. Nawonso anabadwa kwa munthu, ankadziwa za chitenje chopachika pabafa. Koma mayi yemwe ankamuthandiza uja anabuula mokweza, iwo n'kubwerera kwa iye.

"Tamvera iwe. Kuno mutu waoneka kale, sindingachoke. Chitenje chilibe mtima woti uumve. Mayi akowo pano agona apo akuganiza kuti mwana wafa, ndipo wawaganizitsa zimenezo ndi iweyo ndi ulemu wakowo. Pita ukapime ngati mmene umapimira anthu ena onse. Ukapanda kumva ndithu, udzandiuze, tiitane galimoto."

Atabwerera kuchipinda chopimira, anapeza a Teresa atatsika pabedi. Anali atatsitsa bulauzi, atavala sandasi zawo, korona yopempherera ili m'dzanja limodzi, foni m'dzanja lina. Sankalira. Kusalirako n'komwe kunamuopsa kwambiri Tiyanjane.

"Usavutike, Tiya," anatero. "Ulendo uja zinayambanso chonchi. Namwino anamvera, anakhala chete, n'kunena kuti dikirani ndikaitane anzanga. Ndikufuna ndiwaimbire bambo ako aang'ono abwere."

Tiyanjane anamva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo wodzikwiyira yekha. Anatseka chitseko. Anagwada, poti kulankhula ndi amake ataimirira sankakutha, koma mawu omwe anatuluka sanali a munthu wogwada.

"Amayi, musaimbe kaye. Sindinamve kanthu chifukwa sindinapime. Ndimachita manyazi. Mwana akatembenuka kuti mutu uli pansi, mtima wake umamvekera kumunsi kwa mchombo, ndipo ine kumeneko sindinafikeko. Mundikhululukire, koma gonaninso, mumasule chitenjechi."

"Iwe Tiya, ukudziwa chimene ukunena?"

"Ndikudziwa. Zonse munandiuza zija ndikuzikumbuka, ndipo kunyumba ndizisunga mpaka kukalamba. Koma pano masulani."

A Teresa anayang'ana chitseko, ngati kuti a Sista angatulukire n'kuwapulumutsa. Kuchokera ku leba kunkangomveka mawu olimbikitsa munthu kukankha. Anaika foni pampando. Anakwera pabedi pang'onopang'ono, anatembenuzira nkhope kukhoma, n'kumasula okha.

Tiyanjane anasambanso m'manja n'kuwapukuta mpaka atafunda. Anawafunditsa a Teresa chitenje chomwecho m'miyendo, kuti pooneka pakhale pofunika pokha. Mimba inali ngati mimba ina iliyonse, ya mizeremizere, mchombo utatuluka. Ataikapo zikhatho zonse ziwiri, manja aja anakumbukira ntchito yawo. Pamwamba anapeza chofewa, chachikulu: matako. Anatsikira m'mbali, dzanja lina likuchirikiza, lina likufufuza. Kumanja kunali timabampu ta mawondo ndi zigongono. Kumanzere kunali kosalala, kolimba, kotalika. Msana unali umenewo. Anatsikanso mpaka m'munsi mwenimweni, komwe sanaganizepo kuti dzanja lake lingadzafike pa thupi la amake, ndipo anagwira mutu, wozungulira bwino, utaloza pansi.

Anaika fitosikopu kumanzere, pansi pa mchombo. Anaidina ndithu, anatsamiritsa khutu, n'kuchotsapo dzanja monga anaphunzirira.

Poyamba panalibe kanthu. Anaisuntha pang'ono chakumbali. Ndiye anakamva, kutali, kothamanga, ngati kawotchi kokutidwa m'pilo.

Anafuna kukuwa, koma anadzigwira. Mawu a aphunzitsi anamubwerera: nthawi zina umamva mtima wa mayi n'kumasangalala pachabe. Khutu likadali pomwepo, anatambasula dzanja n'kugwira a Teresa pamkono pomwe mtsempha umagunda. Wa amake unkagunda mwauchikulire, du, du, du. Winawo unkathamanga pawokha, osadikira munthu. Inali mitima iwiri.

"Amayi," anatero, khutu lisanachoke, "alipo. Ndikumumva."

A Teresa sanatembenuke. "Usandinamize pofuna kundisangalatsa."

"Ndingakunamizeni pa zimenezi? Tabweretsani dzanja." Anatenga chikhatho chawo n'kuyamba kugogodapo ndi chala, kutsatira kugunda komwe ankamva, tapu tapu tapu tapu. "Ndi ameneyu. Akuthamanga ngati kondakitala woti minibasi yamusiya."

Mimba yonse inayamba kugwedezeka, moti kugunda kuja kunasowa. A Teresa ankalira tsopano, kulira kwenikweni kosabisa, kosakanikirana ndi kuseka, uku akutchula Amayi Maria m'Chisena cha kwawo chomwe Tiyanjane anali asanachimve pakamwa pawo kwa nthawi yaitali. Nayenso misozi inkangotsika, osadziwa kuti aipukute ndi chiyani poti manja anali pa ntchito.

Patapita kanthawi, ku leba kunamveka kulira kwa khanda, ndipo pambuyo pake a Sista Olive analowa akupukuta manja, kamakina kaja kali m'thumba la yunifolomu. Sanafunse zambiri.

"Msana?"

"Kumanzere, Sista. Mutu uli pansi. Mtima ndaumva apa, ndipo ndasiyanitsa ndi wa amayi."

A Sista anapapasa okha, anapaka mafuta pakamakinako n'kukaika pomwe chala cha Tiyanjane chinaloza. Chipinda chonse chinadzaza ndi phokoso la kugunda. Anamvetsera nthawi yaitali, maso ali pawotchi, kenako anagwedeza mutu. Asanakachotse, pambali pa mimba panatukuka kachidendene, n'kubwerera.

"Ameneyo, wadzuka," anatero a Sista. "Mwachita bwino kubwera msanga, mayi, ndipo zikadzachitikanso mudzabwere chomwechi, osadikira. Koma simupita kunyumba panopa. Mugona apa timuonere kaye mmene akusewerera, ndipo ndikutumizani kukajambulitsa kuti titsimikize kuti zonse zili bwino." Anatembenukira kwa Tiyanjane. "Iwe, mawa undifotokozere chifukwa chake sitimvera mwana pansalu. Pamaso pa anzako."

"Chabwino, Sista."

Atatuluka a Sista, m'chipindamo munatsala anthu awiri osadziwa poyang'ana. Manyazi aja anayamba kubwerera, tsopano poti mantha anali atachoka. Tiyanjane anatenga nsonga ya chitenje kuti awafunditse amake pamimba, maso atawabweza kuzenera.

A Teresa anamugwira dzanja.

"Wathamangira kuti?" anatero, mawu ali osasa ndi kulira kuja. Anakankhira chitenjecho pansi okha, anatola fitosikopu yomwe inali pambali pawo n'kumupatsa. "Tamveranso kamodzi, Tiya. Undigogodere pachikhathopa ngati muja unachitira."