Chigayo cha ku Mutarara

Pali anthu amene amanama kuti athawe msonkho. Amenewo ndimawamvetsa. Koma a Sebastiano, aneba anga m'nyumba za kampani, ananama kuti alipire msonkho, zaka ziwiri zotsatizana, ndipo ndikawaganizira mtima umandiwawa mpaka lero.

Kwawo kunali ku Mutarara, ku Mozambique, koma anatha zaka makumi awiri ndi zinayi akuwotcherera zitsulo pafakitale ya shuga ku Chikwawa. Pemiti yawo yokhalira m'dziko muno inkayendera ntchitoyo: ntchito ikatha, pemiti nayo yatha. Zopempha chitupa chokhazikika sanaziganizireko. Munthu woti ali ndi chigayo kwawo angapemphenso malo kwa eni?

Chigayocho anawasiyira ndi bambo awo. Chaka chilichonse fomu ya msonkho ikabwera, pa tsamba lachitatu pankakhala mzere wofunsa ndalama zimene munthu amapeza kunja kwa dziko. Anzawo ambiri ankaudumpha mzerewo ngati chithaphwi. A Sebastiano ayi. Ankafuna kuti ngakhale boma lidziwe kuti iwo si munthu wosowa kwawo.

Chingerezi cha pafomu chinkawavuta, choncho cholembera ankagwira ndi akazi awo, mayi Imelda, a m'dziko mommuno, a ku Makhanga. Ndalama za chigayo mayiwo sanaziwonepo ndi maso. Ankasunga ndi Otilia, mlongo wawo wa a Sebastiano, n'kumagulira njerwa ndi malata a nyumba yodzapumiramo. Koma Imelda ndi mlamu wawoyo sankamwerana madzi kuyambira pamaliro ena akalekale, moti za chigayo ankazimva tsiku la fomu lokha. Amuna awo akatchula nambala, iwo ankalemba akumwetulira, n'kumati, "Malata enanso awo."

Ndiye kunabwera namondwe uja. Zambezi anasefukira, natenga chigayo, injini yake, njerwa, malata, mpaka nthaka imene zinakhalapo. Otilia anapulumuka ndi chitenje cha m'chiuno basi. Anaimba foni akulira, a Sebastiano anaimvera kuseri kwa fakitale, kenako anabwerera kukamaliza paipi imene ankawotcherera. Madzulo anapeza akazi awo maso ali psuu, chifukwa ku Makhanga nako madzi anali atagwetsa nyumba ya mayi awo. Imelda atafunsa za ku Mutarara, a Sebastiano anangoti, "Kwathu madzi sanafike."

Ankati aulula maliro a zinthuwa akaphwa pang'ono. Mlungu unakhala mwezi, fomu inafika, ndipo anatchula nambala ya m'mutu. Chaka chinacho anaikwezako, poopa kuti chigayo chosakula chingakayikitse. Msonkho wake analipira kuchokera m'malipiro awo, msonkho wa chimanga chimene palibe anagaya. Ndi uchitsiru, sindikana. Koma tsiku la fomu ndi limene akazi awo ankaseka ngati mtsikana, ndipo iwo analephera kuwalanda tsikulo.

Chaka chino kalata yopuma pa ntchito inabwera. Anawapatsa miyezi itatu, kenako abweze nyumba ya kampani. Chiyembekezo chinatsala chimodzi chokha: dimba la Imelda ku Makhanga. Kumidzi ya m'mphepete mwa Shire palibe amafunsa pemiti munthu wolankhula Chisena ali ndi khasu paphewa. Akanakhala mkamwini wa imvi, anthu akanaseka, koma akanadya. Chofunika chinali kunena zoona basi.

Linali Loweruka masana. Kuminda ankatentha nzimbe, ndipo phulusa linkagwa pakhonde ponse. Nyumba za kampani zilibe chinsinsi, zonse ndinkamva ndili pakhonde langa. Imelda anayala fomu pathireyi.

"Tafika pa chigayo, bambo a Sellina. Tchulani, ndilembe."

A Sebastiano anayang'ana manja awo.

"Lembani ziro."

"Ziro? Injini yafa?"

"Nkhabe chigayo, kulibe, mayi a Sellina. Chinapita ndi madzi. Njerwa, malata, ndi malo omwe. Papita zaka ziwiri."

Imelda anafuna kuchotsa phulusa limene linagwera pafomu, koma chala chawo chinangolipaka, pepala linada.

"Nanga zija ndinkalemba zija?"

"Za m'mutu mwanga."

"Ndipo msonkho wake munalipira."

"Ndinalipira. Ndikhululukireni, ndinkaopa. Koma manja ndikadali nawo. Tiyeni tikakhale ku Makhanga, tikalime dimba lanu lija. Ine ndavomera."

Ndikanakonda Imelda akanakalipa, akanaswa mbale, aneba tikanatuluka kukaleretsa. Koma anangodzuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi pepala lopindapinda la chidindo cha kwa mfumu. Analiika pamwendo pa amuna awo.

"Dimba ndinagulitsa Lachiwiri kwa a Geresomo a kumudzi kwathu. Ndimati ndikudzidzimutseni." Mawu awo anali otsika. "Chaka chatha munati nyumba yatsala mawindo ndi zitseko. Ndagula mawindo anayi ndi zitseko ziwiri. Zili kwa kalipentala ku Nchalo, akuzipaka vanishi."

A Sebastiano sanalifunyulule pepalalo. Anangoligwira, thukuta likutsika m'khosi, akupuma ngati munthu amene wasenza thumba la simenti. Akuluakulu amati madzi akatayika sawoleka, koma ameneyu anali atataya ndi mtsuko womwe.

Imelda anakhalanso pansi, natola cholembera. Pamzere wa ndalama zakunja analemba ziro mosamala, wozungulira bwino, monga ankalembera nambala zonse zija. Kenako anatembenuza tsamba, nawerenga chamumtima, milomo yokha ikugwedezeka.

"Apa akufunsa adilesi ya kwanu kwenikweni, bambo a Sellina," anatero osawayang'ana. "Tchulani, ndilembe."