Matabwa a Alamu pa Chitseko cha Galaja

Chitseko cha galaja chinagwa m'mawa, dzuwa litangofika pampanda. Ndinali ndikuchikankhira m'mwamba ndi phewa, monga ndinkachitira masiku amenewo, chifukwa chinali chitayamba kulemera ngati ng'ombe yakufa. Chitafika pamwamba pa mutu wanga, china chake chinalira ngati mfuti. Ndinadumphira m'mbuyo, chitseko chonse n'kutsika kamodzin'kamodzi, phii! pasimenti. Chikuku cha amuna anga chinali pambali panga. Nsonga ya silipasi yawo inapanikizika pansi pa chitsulocho, phazi litatsala m'kati.

Ndinagwada n'kuwagwira zala za kuphazi chimodzichimodzi. Zonse zinalipo. Ndinati, "Ambuye, zikomo," ndipo nditangomaliza mawuwo, mtima unayamba kuwira.

Chiwagwirereni sitiroko, imene inawapha mbali ya kumanja n'kuwalanda mawu ambiri, amuna anga amagona m'galaja. Nyumba yathu ili ndi masitepe kumaso ndi kuseri, ndipo chikuku sichikwera masitepe. Galaja yokha ndiyo yalingana ndi msewu. Tinaikamo bedi, kabati ndi wailesi. M'mawa uliwonse ndimatsegula chitseko chachikulucho n'kuwakankhira padzuwa, iwo n'kumakwezera dzanja lamanzere aliyense wodutsa. Wogulitsa buledi amawalizira belu la njinga. Mayi wosesa msewu amaima, kutsamira tsache lake, n'kuwauza mmene timu yawo yagonjera. Tsiku lawo lonse ndi limenelo basi.

Ndinaimbira foni mwana wathu wamkazi, amene tonse timangomutcha Nesi chifukwa cha ntchito yake. Sanandilole n'komwe kumaliza.

"Amayi, ndinanena ine! Ndikaweruka masana ndikubwera. Ababa akulowa m'nyumba lero lomwe, m'chipinda chakuseri. Za galaja zatha."

Chipinda chakusericho zenera lake limayang'ana khoma la aneba. Munthu akangokwezedwa masitepe aja, kudzatulukanso kwake n'kwa tsiku la sikelo kuchipatala, atanyamulidwa ndi anthu ngati thumba. Amuna anga anamva zonse, pakuti Nesi salankhula motsitsa. Anatembenuzira nkhope kukhoma.

Posakhalitsa kunja kunamveka kugogoda pachitsulo.

"Madala, lero mwatitsekera? Muli bwinobwino umo?" Anali mayi wosesa uja.

Amuna anga anatenga ndodo yawo n'kumenya chitseko kawiri. Ine ndinafotokozera mayiyo kudzera pakampata ka m'mbali, ndipo iye ndiye anathamanga kukaitana mmisiri wa zitseko amene amam'dziwa kumapeto kwa msewu wake.

Mmisiriyo analowera kukhitchini, bokosi la zitsulo lili m'manja. Anali bambo wamfupi, wathukuta, wooneka kuti wakangana kale ndi anthu ena m'mawa womwewo. Anapereka moni kwa amuna anga mwaulemu, koma atangoyang'ana chitseko, nkhope inasintha.

"Mayi, matabwa awa anakhoma ndani?"

Kumbuyo kwa chitseko chonse kunali matabwa okhuthala, okhomedwa bwino ndi mabawuti, opakidwa penti yoyera. Anawakhoma alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga. Kwathu timawatcha a Ndikonza, chifukwa sangaone chinthu osanena mawu amenewo. Nyengo yozizira itayandikira, iwo anaona kuti chitsulo chikulowetsa mphepo, ndipo anabwera ndi matabwa a kabati yawo yakale kuti achimwene awo asazizidwe.

"Alamu anga," ndinayankha.

"Aitaneni. Ndikufuna ndiwaone nkhope."

Sindinafunikire kuwaitana. Nesi anali atawaimbira kale, ndipo anatulukira pakhomo la kukhitchini ali wefuwefu, sipanala ikuonekera m'thumba la buluku.

"Musavutike alamu, ndikonza, ndi kawaya chabe kameneko..."

"Ndinu amene?" anatero mmisiri. "Bwerani kuno, achimwene. Mukuona sipuling'i iyi yaduka pakatiyi? Mukuona inzake uko yatamuka ngati lasitiki ya kabudula wakale? Chitseko ichi sichinyamulidwa ndi munthu. Chimanyamulidwa ndi masipuling'i awiriwa, ndipo anawayeza molingana ndi kulemera kwa chitsulo chokhachi. Inu mwachibereketsa kabati yathunthu! Mumati itani?"

"Chinkatseguka bwinobwino."

"Chinkatseguka ndi msana wa mayi awa! Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Nayi nyumba yanuyo."

"Iwe, usandilankhule ngati mwana wako. Unaliko pamene m'bale wanga ankanjenjemera muno? Chitsulo ichi chikazizira chimachita kudontha madzi. Ndikanangokhala n'kumaonerera?"

"Mukanafunsa! Safunsa anadya phula."

Ine sindine munthu wa mawu ambiri, ndipo pa zaka zonse za banja langa sindinakwezepo mawu kwa alamu. Koma apa pakamwa panatseguka pokha.

"Alamu, ine ndinakuuzani. Ndinati chitseko chikulemera, phewa likundipweteka. Munandiyankha chiyani? Munaseka. Munati, 'Idyani mokwanira alamu, mphamvu zikuchepa.' Munaseka pamaso pa achimwene anu. Lero chikanatsika pamiyendo pawo mukanasekanso? Ndi mwendo umodzi womwe watsalawu?"

Alamu anayang'ana silipasi ija, ili chipanikizikire pansi pa chitseko. Ndinatuluka kupita kukhitchini, n'kukaima pasinki. Ndinafuna kupemphera, koma mawu amene ankabwera sanali oyenera kupita kumwamba, choncho ndinangotsegula mpopi n'kumatsuka kapu yotsuka kale.

Nesi anafika asanavule yunifolomu. Anapsompsona bambo ake pachipumi, kuwagwira phazi, kenako n'kutembenukira anthu tonse.

"Bambo aang'ono, sindilankhula nanu, ndingachimwe. Amayi, longedzani zovala zawo."

"Taima kaye mwanawe," ndinatero. "Timve kaye mmisiri."

"Anene."

Mmisiri anapukuta manja pa ovolosi. "Masipuling'i atsopano ndili nawo m'galimoto. Koma matabwa achoke, onse."

"Bwanji osangoika masipuling'i aakulu?" anafunsa alamu, mawu atatsika.

"Inu muli ndi nzeru zina? Taonani mikono iyi ya m'mbali, yayamba kale kupindika. Chitsulo cha chitsekochi n'chopyapyala ngati chitini cha mkaka. Ndikaika zazikulu chidzang'ambika pamabawuti, ndiye mudzati mmisiri uja ndi mfiti. Matabwa achoke, apo ayi ndinyamule bokosi langa."

"Mwamva?" anatero Nesi. "Matabwa akakhala, chitseko chiwagwera. Matabwa akachoka, mphepo iwapatsa chibayo. Ine chibayo cha munthu wa sitiroko ndimachiona kuntchito, amayi, inu simunachione. Ndisankhe chiti pamenepa? Akulowa m'nyumba."

Sankanama mwanayo, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri. Tonse tinayamba kulankhula nthawi imodzi. Alamu ankati Nesi alibe ulemu, Nesi ankati ulemu suchiza fupa lothyoka, mmisiri ankafunsa ngati tamuitanira ntchito kapena mlandu. Palibe amene ankayang'ana mwini wake wa bedi lija, mpaka ndodo inalira pachitsulo, kwambiri, moti tonse tinadzidzimuka.

Amuna anga anali atafiira maso. Milomo inalimbana ndi liwu kwa kanthawi, ife tikudikira.

"Pa... panja."

Analoza chitseko ndi ndodoyo. Kenako analoza mng'ono wawo, n'kulozanso matabwa, n'kugwetsa dzanja pansi ngati munthu wothothola chinthu.

Alamu anatulutsa sipanala ija m'thumba.

"Choka apo," anauza mmisiri. "Ndinakhoma ndine, ndichotsa ndine."

Anamasula mabawutiwo mwaukali, thabwa lililonse n'kumaliponya pakona ngati lawalakwira. Penti yoyera inkagwera pamutu pawo. Atamaliza, mmisiri anati masipuling'i amalowa chitseko chili chotsegula, ndiye pakufunika anthu awiri ochinyamula. Anayang'anizana ngati atambala.

"Gwirani uko. Ndi miyendo, osati msana. Mukachisiya ndikusiyirani nanenso," anatero mmisiri.

"Ungonena kuti tiyeni, nkhani zambiri bwanji?"

Chinakwera, kuwala n'kulowa. Mmisiri anachimanga ndi zopanira m'njanji zake kuti chisatsike. Asanakwere pamakwerero, anawerama, kutola silipasi ija, kuiwongola nsonga ndi chala, n'kuiika pabedi. Sanayang'ane aliyense pochita zimenezo. Alamu anatuluka pakhomo lotsegukalo osatsanzika, n'kulowera kumsewu.

"Apite," anatero Nesi. Anali atayamba kale kupinda mabulangete a bambo ake.

Mmisiri anagwira ntchito yake akung'ung'udza. Anachotsa masipuling'i onse awiri, ngakhale yosadukayo, ati inzake ikafa nayonso imakhala ili m'njira. Anawongola mikono, n'kulowetsa waya m'kati mwa sipuling'i iliyonse kuti tsiku lina ikadzaduka isadzauluke n'kuvulaza munthu. Anathira timadontho ta oyilo m'mahinjesi ndi m'timawilo.

"Mayi, m'njanjimu musamapakemo girisi, amangosonkhanitsa fumbi. Muzingopukuta ndi kansalu. Ndipo chikadzayamba kulemera, musadzalimbane nacho. Chitseko chikalemera ndiye kuti chikulankhula. Wina akadzakuuzani kuti idyani, mudzam'patse iyeyo chakudyacho, inu mudzandiitane."

Ankatsika pamakwerero pamene alamu anatulukiranso. Paphewa anali atasenza paipi yaitali yachitsulo, ndipo m'khwapa munali mtolo waukulu wa nsalu yobiriwira. Ndinaizindikira. Anali makatani okhuthala a pabalaza pawo, amene akazi awo salola ngakhale mwana kuwagwira.

"Akazi anu akudziwa?" ndinafunsa.

"Adziwa akafika." Anatembenukira mmisiri. "Iwe katswiri, ndikufunsa tsopano, usadzati sindinafunse. Paipi iyi ndikaimangirira kudenga, kuseri kwa pamene chitseko chimathera, osakhudza chitseko chako ngakhale pang'ono, pali mlandu?"

Mmisiri anayang'ana kudenga, kuyeza ndi maso, n'kusuntha makwerero ndi phazi.

"Isunthireni m'kati pang'ono, ingakodwe. Ndipo musakhomere m'siling'i, funani mtanda. Gwirani dirilo yoboolerayi, sipanala yanuyo ndaiona, ndi ya zidole."

Makataniwo anatsika kuchokera kudenga mpaka pansi, mbali ndi mbali, n'kutchinga bedi lonse. Alamu anapinda m'munsi mwake kuti mphepo isadutse pansi. Nesi analowa kuseri kwake, anatseka chitseko, anayendetsa dzanja m'mbali monse kufunafuna mphepo. Anatuluka nkhope ili gwa.

"Chabwino. Koma amayi atsegule okha ndikuona. Ndi dzanja limodzi, lopwetekalo ayi, linalo. Akangogwiritsa phewa kapena kubuula, ababa akulowa m'nyumba, ndipo pasapezeke wondinena."

Anakankhira chikuku kutali ndi chitseko. Ndinaima pamalo omwe aja ndinaima m'mawa. Ndinati chamumtima, "Ambuye, mukuona," pakuti mawu ena ndinalibe. Ndinagwira chogwirira ndi dzanja lamanzere n'kukoka.

Chinanyamuka ngati chivundikiro cha poto. Chitafika m'chiuno mmisiri anati, "Siyani." Ndinasiya, ndipo chinaima pomwepo, osakwera, osatsika.

"Chitseko chabwino chimatero," anatero akutseka bokosi lake.

Ndinachikankha mpaka pamwamba. Nesi anayang'ana chitseko, anayang'ana bambo ake, kenako anayamba kuyalanso mabulangete aja pabedi, akuwakutumula mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira.

"Akangotsokomola kamodzi kokha, amayi, ndikubwera ndi anthu onyamula. Ndipo bambo aang'ono, sipanala yanuyo ikadzalowanso muno ndidzaiponya m'chimbudzi."

Alamu anatenga silipasi pabedi, kugwada, n'kuwaveka achimwene awo pang'onopang'ono, akukweza phazi lakufalo ndi manja awiri. Kenako anagwira chikuku kuti akankhe, koma ndinawachotsa manja.

"Ndikankha ndekha."

Mtima wanga unali usanaphwe, ndipo sindinafune kunamizira. Ndinawatulutsa amuna anga panja. Dzuwa linali litachoka pamalo awo a masiku onse, choncho ndinawapititsa patsogolo pang'ono, pafupi ndi geti, pamene linali likadalipo. Mayi wosesa anali ataweruka kalekale. Kunkadutsa munthu wina wosam'dziwa, atanyamula mpando pamutu. Amuna anga anam'kwezera dzanja, iye n'kusowa dzanja lobwezera, ndiye anangogwedeza mpando wonsewo.

Ndinabwerera kukhitchini kukateleka madzi a tiyi. Ndinatulutsa makapu a anthu onse. Ya alamu ndinaiyang'ana kwa kanthawi, kenako ndinaithira shuga wambiri monga amakondera, n'kutuma Nesi kuti akawapatse.