Tsiku Limene a Wailesi Anazimitsa Foni

Foni ya a Wailesi inalira pa nthawi yoipitsitsa. Adokotala a makutu anali atamuveka mwana wawo Kadona mahedifoni, ndipo m'kachipinda koyezeramo munali zii. Mwadzidzidzi, m'thumba la ovololo munaphulika hutala ya lole, katatu konse, kenako tambala n'kulira pamwamba pake.

Dzina loti Wailesi sanapatsidwe ndi makolo awo. Bambowa ndi owotcherera zitsulo, ndipo anzawo a ku shedi ndiwo anawatcha choncho, chifukwa akamalankhula pa foni msewu wonse unkadziwa amene akufuna geti ndi amene watsegula m'mimba. Hutala ija anaisankha dala kuti azimva foni ngakhale galainda ikudula chitsulo. Ku shedi zinali zanzeru ndithu. Vuto linali loti hutalayo inkapita nawo kulikonse, m'basi, pamaliro, ngakhale ku msonkhano wa makolo.

Kadona anali mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu, wokonda kuyenda m'nyumba atavala nsapato za mayi ake. Chibadwire sankamva bwino. Phokoso lalikulu lokha, monga chitseko chikamenyetseka, ndi limene linkamufika, koma mawu a anthu ankangowaona pa milomo. Tsikulo adokotala anataya theka la ola akumunyengerera kuti aphunzire kamasewera: akamva kamawu m'mahedifoni, aponye kachivindikiro ka botolo m'chitini. Anali ataponya titatu tokha pamene hutala inalira. Mwanayo anadzidzimuka, nataya mahedifoniwo pansi, n'kukakamira khosi la mayi ake akulira.

Munthu wina akanazimitsa foniyo msanga. A Wailesi anayankha.

"Halo! Eya, ndili kuchipatala, ndabwera ndi mwana wanga wosamva uja. Geti lanu latsala penti basi."

Adokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anaimirira n'kutsegula chitseko. "Bambo, kamalizireni panja."

Atatha kulankhula anabwerera n'kupeza Kadona akukana ngakhale kuwayang'ana mahedifoni aja. Adokotala anatseka faelo.

"Ndikuuzeni zoona," anatero. "Mndandanda wa ana olandira timakina tothandiza kumva timautumiza kawiri pa chaka, ndipo ndikuutumiza lero. Popanda zotsatira za kuyezaku, dzina la mwanayu sindingalilembe. Panjapo pali anthu oposa makumi awiri. Nthawi ikatsala madzulo tiyesanso. Ikapanda kutsala, mudikira miyezi isanu ndi umodzi."

Sukulu inali itatsala miyezi iwiri kutsegulidwa, ndipo yunifolomu ya Kadona inali yosoka kale.

Pa benchi la panja, mayi a Kadona analankhula motsitsa mawu, koma maso awo anali ofiira. "Abambo, ine ndalota tsiku lino kwa zaka zitatu. Inu mwaligulitsa ndi penti ya geti."

"Nanga ndikanatani, mayi? Anali kasitomala. Komanso mwanayu samva, hutala yamukhudza bwanji?"

Pofuna kuziziritsa mtima, a Wailesi anatsegula kanema wa mpira pa foni, mawu ali pamwamba monga mwa masiku onse. Mtsikana wina amene ankagoneka khanda anasamukira kumapeto kwa benchi. Agogo ena aamuna amene anakhala pafupi anakwinya nkhope, n'kuchotsa kanthu m'khutu mwawo, n'kukafumbata m'manja. A Wailesi sanaone chilichonse, poti chigoli chinali chitangolowa.

Masana adokotala anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja. Anayang'ana agogo aja, n'kuyang'ananso foniyo.

"Bambo owotcherera, tabwerani. Bwerani ndi foni yanu yomweyo."

A Wailesi analowa atakonzekera kukalipiridwa. Koma adokotala anangotulutsa kachipangizo kakang'ono ngati chala cha mwana, n'kukalumikiza ku kapaipi ka pulasitiki kokhala ndi nsonga ziwiri zolowetsa m'makutu.

"Kapaipika timamvetsera ife poyesa ngati makina akugwira ntchito. Valani, mumve zimene mwana wanu azidzamva."

Anavala monyinyirika. Adokotala atangoyatsa kachipangizoko, a Wailesi anangoti kukamwa yasa. Chipinda chimene ankachiyesa chachete chija chinali chodzaza ndi mawu. Anamva mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka. Anamva pepala likukhudza tebulo, ndi dontho la madzi likugwa pa mpopi wa pakona, lililonse ndi kamawu kake. Anamva nsapato za namwino zikudutsa kutali m'khonde. Kenako, kudzera pa chitseko chotseka, anamva akazi awo akung'ung'udza kanyimbo kotonthozera Kadona, ngakhale ankadziwa kuti mwanayo sakumva. Zaka khumi ali m'banja, sankadziwa kuti mayiwo amaimba bwino chonchi.

"Adokotala," ananong'ona, mwina koyamba m'moyo wawo, "kanthu kochepa chonchi kakutola zonsezi?"

"Kakutola. Tsopano ndipatseni nambala yanu."

Adokotala anaika foni ya a Wailesi kumapeto kwa tebulo, n'kuiimbira. Hutala italira, bambowo anazula kapaipi kaja m'makutu n'kulumpha pa mpando. Zinali ngati wina wamenya hamala pa diramu mutu wawo uli m'kati.

"Kachipangizoka kali ndi malire ake, sikavulaza khutu," anatero adokotala atadula foni. "Koma sikasankha. Kamakweza mawu a mayi, kamakwezanso hutala. Mwana amene wazolowera chete akadzidzimutsidwa chonchi amachita mantha, ndipo ena amakana kukavalanso. Phokoso lalikulu mwana wanu amalimva kale, n'chifukwa chake analira. Agogo aja anavula kawo chifukwa cha mpira wanu. Tawaitana kawiri, sanamve."

A Wailesi anayang'ana pansi.

"Ndipo si ovala makina okha," anapitiriza adokotala. "Pa benchi paja pali wodwala mutu, pali khanda lofuna kugona. Diso ukatopa nalo umatsinzina, bambo, koma khutu lilibe chitseko. Chinanso, vuto la mwana wanu si nkhani youza kasitomala wa geti."

"Ndamva, adokotala. Koma ntchito yanga imabwerera pa foni. Ndizitani?"

"M'basi ndi pa mzere muziika kuti izingonjenjemera. Mukaona kuti n'zofunika, muzituluka panja n'kulankhula motsitsa. Mpira muzimvera m'mahedifoni. Koma muno muzizimitsa."

A Wailesi anatembenuza foni ija uku ndi uku, akukanda m'mutu. Kunena zoona, zaka zitatu ali nayo sankadziwa pamene amatonthozera. Adokotala anaseka pang'ono n'kuwaonetsa kabatani kake, ndipo kanali pamalo pomwe chala chawo chinkadutsa tsiku lililonse.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Anatuluka mwakachetechete, nagwada pafupi ndi agogo aja n'kupepesa, kenako anawagwira mkono kuwaperekeza pakhomo la adokotala. Atabwerera anazimitsa foni n'kuipereka kwa akazi awo.

"Sungani m'chikwama mwanu, mayi. Ndalakwa."

Madzulo amenewo anatalika. Dzanja la a Wailesi linkangopita lokha m'thumba n'kubwerako lopanda kanthu. Anawerenga anthu olowa ndi otuluka, mtima uli m'mwamba. Dzuwa litapendeka, dalaivala wa adokotala anaima pakhomo akugwedeza makiyi, ndipo pa benchi panatsala banja lawo lokha. A Wailesi ankaganiza kuti basi zatha, koma chitseko chinatseguka.

"Muli ndi mphindi makumi awiri," anatero adokotala.

Kadona atawaona mahedifoni aja anabisa nkhope m'chovala cha mayi ake. A Wailesi anafuna kumukalipira monga mwa chizolowezi, koma anadzigwira. Anakhala pansi pa simenti, chimunthu chonsecho, n'kuvala mahedifoniwo iwo eni. Anatong'ola maso ngati amva chinthu chodabwitsa, n'kuponya kachivindikiro m'chitini. Anabwereza kachiwiri, kachitatu. Kadona anasuzumira, kenako anaseka, n'kuwalanda bambo ake mahedifoniwo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tizivindikiro tinagwa m'chitini kamodzikamodzi mpaka adokotala anapeza zonse zimene ankafuna, ndipo dzina la Kadona linalembedwa pa mzere womaliza wa mndandanda.

Atatuluka pa geti la chipatala, a Wailesi anayatsa foni n'kupeza kuti anthu asanu ndi anayi anaimba. Palibe amene anamwalira. Mwini geti uja anangotumiza uthenga woti abwera mawa.

Patapita milungu isanu anaitanidwanso. Ulendo uno foni inazimitsidwa asanalowe n'komwe pa khonde. Adokotala anaika timakina tiwiri kuseri kwa makutu a Kadona, n'kuwauza makolowo kuti alankhule mmodzi yekha, mofatsa. Anayatsa.

Mwanayo anauma thupi. Maso ake anayendayenda m'chipindamo ngati walowa m'nyumba yachilendo. Mayi ake anaima kumbuyo kwake, kumene sakanaona milomo yawo.

"Kadona," anaitana chapansipansi. "Mwanawe."

Kadona anatembenuka. M'zaka zisanu zonse anali asanatembenukepo poitanidwa. Anawayang'anitsitsa mayi ake, n'kuika kadzanja kake pa milomo yawo, kenako pa khosi, kufunafuna kumene chinthucho chikuchokera. Mayiwo anaitananso misozi ikutsika, ndipo mwanayo anaseka. Atamva kuseka kwake komwe anadzidzimuka, n'kusekanso kuti amvenso.

"Bambo, nthawi yanu," anatero adokotala.

A Wailesi, munthu amene mawu ake ankamveka kutsidya kwa msewu, anagwada pansi. Anali ndi mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi, ngati munthu amene waona chozizwitsa ndi maso ake. Pamapeto pake anangoti, "Ndine bambo ako," ndipo mwanayo anabwera kudzagwira khosi lawonso.

Pobwerera kunyumba basi inali yodzaza. Bambo wina wa suti amene anakhala kutsogolo kwawo anaika foni pa laudi, mawu akumveka basi yonse, akukangana ndi mlamu wake za malata. Kumbuyo, kanema wina ankalira ndi nyimbo zake. Kadona anayamba kukwinya nkhope, ndipo manja ake anapita ku makutu kuti azule timakina tija.

A Wailesi anamugwira manjawo, n'kugogoda pa phewa la bambo wa suti uja.

"Pepani achimwene. Mwanayu wayamba kumva lero, ndipo phokoso likumuopsa. Mungachotse pa laudi? Inenso ndinali katswiri wa zimenezi, musadandaule."

Bamboyo anatembenuka atakonzeka kuyankha zamwano, koma ataona timakina tija anadula foni osatsanzika n'komwe mlamu wake. "Lero lomwe lino?" anafunsa.

"Lero lomwe lino."

Nkhaniyo inayenda mpando ndi mpando. Kanema wa kumbuyo uja anazima, dalaivala naye anatsitsa wailesi yake, ndipo basi yonse inakhala bata, anthu akusuzumira mwanayo. Nthawi yomweyo kunja kunayamba kuwaza. Madontho anagogoda pa denga la basi, poyamba amodziamodzi, kenako ambiri. Kadona anakweza mutu, maso ali tong'o, n'kuloza kudenga. Mvula ankaidziwa, inamunyowetsapo kambirimbiri, koma sankadziwa kuti imalankhula.

"Mvula," anatero mayi ake pafupi ndi khutu lake. "Mvu-la."

"Vuu," anayesa Kadona.

Mayi wina wa pawindo anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Kondakitala anaiwala kuitanira siteji. Anthu akuluakulu, amene anamva mvula moyo wawo wonse, anakhala chete kuimvetsera ngati nawonso akuimva koyamba.

Sukulu itatsegulidwa, Kadona analowa m'kalasi ndi anzake, ndipo aphunzitsi ataitana dzina lake anakweza dzanja. Hutala ya lole ikadalipo pa foni ya a Wailesi, koma imalira ku shedi kokha, galainda ikamadula chitsulo.

Foni ndi yako, koma makutu amene akukuzungulira ndi a anzako. Ukakhala pagulu, tsitsa kulira kwa foni kapena uike kuti izingonjenjemera. Usaike pa laudi, ndipo nyimbo ndi makanema uzimvera m'mahedifoni. M'chipatala, m'kalasi ndi pamaliro, izimitse. Woimba foni atha kuimbanso, koma sudziwa zimene munthu wakhala pafupi nawe akuyesetsa kumva.