Bokosi Losadya Mchere

"Kenson wakale uja ndinamukwirira ndi manja angawa," adatero Kenson, atakhala pa kireti pabwalo la nyumba za lendi ku Mayville, mwendo wina uli pamwamba pa unzake. "Amene mukumuonayu ndi munthu watsopano. Lamulungu sindigwira ntchito, foni ndimazimitsa, pulasitiki sinditaya paliponse. Ndipo m'Durban monse muno mulibe mwamuna wokhulupiriridwa ndi mkazi wake ngati ine. Nditati lero, 'Mayi a Chiso, dzuwa lasiya kutulukira kunyanja, likutulukira ku Pinetown,' iwo akayanika zovala moyang'ana ku Pinetown komweko."

"Maliro a wakaleyo tinakhuza liti, achimwene?" adafunsa Jabir, wa ku Mangochi, amene ankagulitsa matchaja a foni m'tauni ndipo chipinda chake chidagundana ndi cha Kenson. "Ife sitinamwe nawo ngakhale tiyi."

Loveness, mayi a Chisowo, adali pampopi kuchapa. Adamva zonse. Adangofinya malaya a mwamuna wake mpaka batani lidathothoka.

Kenson ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Morningside. Madamu ake adabwera kuchokera ku holide ndi chipembedzo chatsopano: zinyalala m'mabini osiyanasiyana, madzi osamba apite kumaluwa, munthu azipuma kuti adzipeze. Kenson adatembenuka mtima tsiku lomwelo, monga adatembenukira kale ku mipingo ingapo ndi ku matimu a mpira. Adasiya ganyu ya Lamulungu ku Berea, nalengeza kuti tsikulo ndi la banja. Loveness adasita diresi lake labwino, poganiza kuti ayamba kupitira limodzi kutchalitchi, mwinanso kukayenda kugombe ngati anthu ena. Koma Lamulungu lidatengedwa ndi bokosi.

Lidali bokosi lakuda la pulasitiki, lokhala ndi timabowo pachivindikiro ndi pansi, lomangidwa ndi waya, pamwamba pali chiguduli chonyowa. Kenson adaliika pamthunzi, m'kampata ka pakati pa chipinda chawo ndi khomo lakuseri la MaNgcobo, mwini nyumbazo. M'bokosimo mudali nyongolotsi zofiira zimene zimadya makoko ndi kusandutsa manyowa, ndipo pansi pake pamadontha timadzi takuda tomwe azungu a ku Morningside amathirira maluwa awo mokondwa ngati ndi mafuta odzozera. Kenson adazitapa m'bokosi la madamu, osapempha, nazibweretsa m'kontena yake ya chakudya chamasana.

Sadauze munthu aliyense. Choyamba, Sharon, mnzake wa Loveness, ankagwira ntchito m'nyumba yoyandikana ndi ya madamu, ndipo pakamwa pa Sharon padalibe chitseko. Chachiwiri, Kenson ankawadziwa a kwawo. Ukayamba kugulitsa tomato lero, mawa msewu wonse uli tomato. Chachitatu sankachivomera ngakhale mumtima: ankaopa kuti kumudzi kukamveka zoti mwamuna wamkulu adawoloka malire a maiko kukaweta nyongolotsi.

Ndiye Lamulungu lililonse ankalawirira kumsika wa ku Warwick kukatola makoko a nthochi ndi kabichi wofota kwa amayi ogulitsa. Akabwera ankagwada kubokosi, atatembenuzira msana kubwalo, n'kumanong'ona: "Idyani, ana anga, idyani."

Tsiku lina Loveness adatenga mbale ya ndiwo zotsala nalunjika kumpata kuja.

"Mukupita nazo kuti?" Kenson adadzambatuka pabedi.

"Si paja mumati tisamataye kanthu? Ndimati ndikaike pa bokosi lanu lija."

"Muli mchere m'menemo?"

"Ndiwo zopanda mchere munazidya kuti, bambo a Chiso?"

"Ayi, ayi. Chilichonse cha mchere chisayandikire pamenepo. Mchere ndi imfa yake."

"Imfa ya chiyani?"

"Mudzaona nthawi yake ikakwana. Kodi simundikhulupirira?"

"Ndimakukhulupirirani," adatero Loveness, maso ali pa mbale.

Mawa lake madzulo Sharon adabwera kudzaluka tsitsi, ndipo asadamalize mzere woyamba adali atamva nkhani yonse. Adapita kukasuzumira bokosilo ali chapatali, manja atapinda pachifuwa, nabwerera akupukusa mutu.

"Mayi a Chiso, inu ndi ine sitinakulire ku Morningside. Chinthu chopumira m'timabowo, chodana ndi dzuwa, chodya osaoneka, chotchulidwa ana anga, ndiye chikudananso ndi mchere. Mukufuna ndikuuzeni dzina lake?"

"Mwina ndi za kuntchito."

"Za kuntchito zimamangidwa ndi waya? Nanga njinga ija madamu anawapatsa liti?"

"Bokosi litangobwera."

"Eya. Mzungu ameneyo ndimamudziwa, amatsuka ndi kusunga ngakhale pepala la buledi. Angapereke njinga ali bwinobwino? Ndipo Chiso kumudzi mwati akudwaladwala?"

Mwanayo Loveness adamusiya kwa agogo ake ku Ntcheu, ndipo malungo ankamugwira chaka chilichonse mvula ikayamba. Koma chaka chino, akaganiza za timabowo tija, malungowo ankaoneka achilendo.

"Ndilitsegule?" adafunsa.

"Mukufuna kuyenda osavala mu West Street? Zimenezo satsegula. Amuna akakhwima, woyamba kupenga ndi mkazi wachidwi."

Si Sharon yekha adali ndi maso. MaNgcobo bondo lidawatupa, ndipo powerengera adapeza kuti lidayamba kutupa mwezi womwe bokosi lidafika pakhomo pawo. Lachinayi madzulo adaima pakhomo pa Kenson ndi ndodo yawo, nalankhula Chizulu pang'onopang'ono kuti pasakhale mawu otayika.

"Iwe wa ku Malawi, ndakusunga bwino kapena ayi?"

"Yebo, Mama, mwatisunga."

Zidali zoona. Chaka chimene anyamata ankayenda ndi zibonga kusaka alendo, mayiwa adakhoma geti, nakhala pampando kunja n'kumauza aliyense kuti m'katimo muli adzukulu awo okhaokha. Chipinda cha mwini nyumba wotere suchipeza kawiri, ndipo Kenson ndi Loveness ankadziwa zimenezo kuposa dzina la mfumu ya kwawo.

"Ndiye chimene ukuweta pakhomo pangacho n'chiyani? Anthu amanena zambiri za mankhwala a kwanu, ine ndimawatsutsa. Tsegula tione. Chikakhala choipa, kapena ukakana, unyamuke nacho pamodzi ndi mkazi wako."

Munthu wanzeru akadamasula waya pomwepo. Koma Kenson adaona mwayi wa msonkhano. Timadzi takuda tija tidali titangoyamba kudontha, ndipo m'maganizo mwake adadziona atavala malaya osita, akupereka botolo loyamba kwa MaNgcobo kuti athirire sipinachi wawo, anthu akuwomba m'manja.

"Lamulungu m'mawa, Mama, pamaso pa aliyense. Mudzandithokoza."

Adasankha m'mawa podziwa kuti nthawi imeneyo Sharon amakhala ali kukwaya.

Atachoka mayiwo, Loveness adatseka chitseko nakhala pansi pafupi ndi miyendo ya mwamuna wake.

"Bambo a Chiso, tili awiri. Ngati munapita kwinakwake, ndiuzeni. Abusa amathandiza anthu oposa pamenepa."

Kenson adamuyang'ana mokayikira. M'mawu amenewa adamva fungo la Sharon.

"Wakutumani ndani?"

"Palibe wandituma. Chipinda chino n'changanso."

"Ndiye dikirani Lamulungu. Mukhala mkazi wa bwana, ndi antchito osawerengeka."

Loweruka masana, Kenson ali kuntchito, Loveness adakhala pabedi n'kuganiza mpaka madzi a tiyi adaphwa pa sitovu. Bokosi likatsegulidwa chinthu chili chamoyo, pamaso pa Azulu, sikudzakhala kungothamangitsidwa. Nkhani idzatuluka pageti, ndipo m'misewu imeneyi mlendo wotchedwa mfiti safika patali. Mwamunayo adali wodzitama, wouma mutu, koma adali wake. Ngati mchere ndi imfa ya chinthucho, ndiye chife lero, mawa anthu apeze makoko okhaokha, aseke, nkhani ithe.

Adapita kusipaza, kagolosale ka pamsewu, nagula paketi yaikulu ya mchere wamibulu. Theka adasungunula m'ndowa. Sharon adabwera kudzamulimbitsa mtima, koma adaima pafupi ndi geti, kuti zikavuta akhale woyamba kukaitana anthu. Loveness adachotsa chiguduli ndi kamtengo, natsira madziwo m'timabowo uku akupemphera mothamanga. Kenaka adakankhiramo mibulu yotsala ndi chala, nabwezeretsa chiguduli monga chidalili. M'bokosi simudamveke kulira kulikonse.

"Zouma mtima zimafa mwakachetechete," adatero Sharon ali kugeti.

Lamulungu m'mawa bwalo lidadzaza. Alendi onse adatuluka, ena mswachi uli m'kamwa. Kudali kutagwa kamvula, pansi pali chinyezi. MaNgcobo adakhala pampando patsogolo, ndodo pamiyendo. Kenson adatuluka atavala malaya osita ndi nsapato za kutchalitchi, akuyenda motsimphina pang'ono chifukwa china chake chinkamubaya kuphazi. Adakokera bokosi pakati pa bwalo.

"Abale ndi alongo," adayamba, Chizulu ndi Chingerezi zikusinthana, "dziko lino tikuliwononga ndife. Timataya, timathamanga, sitipuma. Ine ndinasintha. Ena mwandinena, ena mwandikayikira. Ndamva zonse. Munthu m'modzi yekha pabwalo pano sanandikayikirepo, ndiye uyo waima apoyo." Adaloza Loveness, amene adali atatsamira khoma, akuyang'ana zala za kumapazi.

"Tsegulani, achimwene," adatero Jabir m'Chichewa chapansipansi. "Ulaliki mutipatsa pambuyo."

Kenson adamasula waya, nanyamula chivindikiro ndi manja awiri ngati akutsegula keke ya ukwati. Fungo lidatuluka loti amene adali kutsogolo adabwerera m'mbuyo.

"Nyongolotsi," adalengeza, asadayang'ane n'komwe. "Antchito a nthaka."

"Zili kuti?" adafunsa MaNgcobo.

Kenson adaweramira m'bokosi. Mudali phala la makoko owola, tinyongolotsi towerengeka toyera ngati ulusi, tosagwedezeka. Adapisa dzanja, navundula ngodya zonse. Pamwamba pa tsamba la kabichi padali timiyala toyera. Adatola kamodzi, nakayang'anitsitsa, nakagunditsa kulilime.

MaNgcobo adadzuka pang'onopang'ono kupita pamene bokosi linkakhala. Pasimenti padali timizere tonyezimira, tochoka pamalo a bokosi kulunjika kukhomo lawo. Adatsatira timizereto mpaka pa chiguduli chawo chopukutira mapazi, chimene chidanyowa ndi mvula, nachitembenuza ndi ndodo. Pansi pake padali mulu wofiira, wopotana, ukuyenda wokha, ndipo zina zidali zitayamba kale kulowa pansi pa chitseko.

Mayi wina adakoka mwana wake nalowa naye m'nyumba.

"Mama, zimangothawa mchere," adatero Kenson. "Zimafuna ponyowa basi. Ndi za manyowa, za sipinachi wanu."

"Pabwalo pano pali makomo ambiri," adatero MaNgcobo, osakweza mawu. "Zasankha langa." Adasisita bondo lawo. "Sindiuza munthu kunja kwa geti, chifukwa cha mkazi wakoyu. Koma mwezi ukatha ndikufuna makiyi anga."

Adalowera kukhomo lakumaso. Kenson adatsala ataima ndi chivindikiro m'manja, maso akuyendayenda pankhope za anthu.

"Pali mdani pano," adatero m'Chichewa, osasamalanso kuti akumva ndani. "Wina wathira mchere dala. Jabir, dzulo masana unali kuti?"

"Kutauni, achimwene. Ine mchere wanga ndimadyera nsomba."

"Ndiye ndi Sharon. Kapena wina anakwera mpanda. Za mcherezi palibe ankazidziwa, ndinangouza munthu m'modzi yekha, ndipo ameneyo..."

Adatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndinathira ndine, bambo a Chiso," adatero Loveness, akadali chitsamire khoma. "Ndimati ndikupulumutseni." Adakweza maso namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka pansi. "Wina ndinakuikirani m'nsapato mwavalazo."