Tizisoti Totseka Kukamwa

Chaka chimenecho mvula inagwa msanga, udzu n'kumera ngati wotumidwa, moti pofika tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, Margareta anali atapalira mpaka msana kuuma gwa. Akanakonda kungodziponya pamphasa. Koma akatekisiti anali atalengeza kale kuti zokongoletsa khola la Mwana Yesu apange iyeyo, make Rakele, poti anaphunzira kwa asisitere mpaka folomu yachiwiri. Sukulu imeneyo, imene anaisiyira panjira, sinkamupatsa kanthu m'mudzi wa mwamuna wake koma ntchito zoonjezera.

Masana onse anali khale pansi m'katchalitchi kawo ka pamtunda, Rakele ali kumsana, pambali pake pali mlamu wake Agnesi. Ankalemba mozungulira mbale pa katoni ya sopo, kudula, kung'amba mpaka pakati, kenako kupinda kuti isongoke ngati denga la nkhokwe. Akamata ndi phala la ufa woyera, ankakuta kunja ndi pepala lonyezimira la m'mapaketi a ndudu. Ankatitcha tizisoti.

"Alamu, sukulu yonse ija munkaphunzira kumata zinyalala?" anatero Agnesi akunyambita chala. "Achimwene anga anagula mbuzi ya m'thumba."

"Matani, mayi. Phalalo si lakudya."

Makatoni atatha, Agnesi anathamangira kunyumba n'kubwera ndi mapepala ena olimba, oduliratu. Margareta sanawayang'ane, anali kalikiliki ndi mwana amene ankalira ndi thukuta.

Amene anapachika anali a Vinsenti, tcheyamani wa chipani m'deralo, amenenso ankayambitsa nyimbo pa Misa. Anakwera makwerero, n'kumanga chingwe cha khonje kuchoka pa mtanda wina wa denga kufika pa unzake, tizisoti tili lendelende pamwamba pa khola. Atatsika anatuluka kukadula nthochi zoimika pakhomo.

Margareta anatsamira khoma kuti ayamwitse, mutu n'kuugoneka chagada. Apo m'pamene anaona diso. Linali m'kati mwa kachisoti, likumuyang'ana kuchokera kumwamba. M'kena munali khutu ndi mbali ya chipewa chakuda. M'kenanso munali pakamwa, podulidwa pakati. Inali nkhope ija imene imapachikidwa m'sitolo iliyonse ndi mu ofesi iliyonse, pamwamba pa china chilichonse.

"Agnesi," ananong'ona, "mapepala aja munawatenga kuti?"

"Kalendala ya bambo. Ya chaka chatha, alamu, inatha ntchito."

"Masiku ndiwo anatha. Nkhope imatha?"

Agnesi anayang'ana kumwamba, chala chili m'kamwa, ndipo sanasekenso. Mawa mudzi wonse udzakhala pansi pomwepa, pozira, maso kumwamba poimba Ulemerero. Margareta anaona m'maganizo mwake munthu wina akugunda mnzake ndi chigongono. Ndiponso palibe amene adzafunse za Agnesi. Dzina limene linalengezedwa ndi la make Rakele, wophunzira uja, wobwera, amene mwamuna wake ali kutali ku esiteti ya fodya. Kundende ya ku Dzaleka si kutali ndi kuno, ndipo mwana woyamwa sadziwa kudikira.

A Vinsenti analowa atasenza thunthu la nthochi, akupuma wefuwefu.

"Abambo," anatero Margareta atagwada, "pepani, tinaiwala. Titsitsireniko chingwechi. Sitinatseke kunsi."

"Kutseka chiyaninso? Si zakongola kale izi?"

"Mavu, abambo. Amangamo zisa. Asisitere ankati titseke."

"Mavu usiku umodzi?" Anaseka, napukuta nkhope ndi chipewa. "Inu ophunzira inu mudzatipha ndi makwerero."

Anakwerabe. Margareta anaimirira pansi pake, n'kumalandira chingwecho msangamsanga, kachisoti kalikonse akukavundikira pamphasa. Ankayembekeza kuti a Vinsenti atulukanso kuti abise toopsato m'chitenje. Koma iwo anakhala pa benchi yokhayo ya m'tchalitchimo, navula nsapato, nayamba kufotokoza za nazale ya fodya imene inakokoloka ndi madzi.

Panalibe kuchitira mwina. Akanatseka towerengeka, funso likanabwera. Anayenera kutseka tonse. Katoni inali itatha, choncho anang'amba thumba la simenti limene ankagonekapo mwana, n'kumadula tizidutswa tozungulira. Phala linali litauma m'mbale, analisungunula ndi madzi a m'chitini cha maluwa. Kachisoti kalikonse ankakakokera pamiyendo pake kali chovundikira, n'kulowetsa pepala kunsi osakatembenuza. Sizasi inamutupitsa chala. Rakele analira, anagona, anadzukanso. Agnesi, amene pakamwa pake sipankatseka chibadwire, ankangomata ali duu.

"Kodi a Agnesi mwadwala?" anafunsa a Vinsenti. "Kapena phala lija lakumatani milomo?"

"Mutu, abambo."

Dzuwa litapendeka, mitambo itayamba kuda cha ku Ntchisi, anamaliza. A Vinsenti anasonkhanitsa tizisoti m'manja mwawo mosasankha, natimanganso pachingwe mmene anafunira. Tsopano tonse tinali tofanana, tonyezimira kunja, totseka kukamwa. Margareta sakanathanso kudziwa kuti diso lili muti.

Potsika, a Vinsenti anali ndi kamodzi m'dzanja.

"Aka ndikapatse chitsiriza changa. Kamwana kaja chilichonse kamafuna kaone za m'kati."

Margareta sakanatha kuwakaniza. Anasendera pafupi ali chogwada, Rakele ali m'manja.

"Ndione ngati kauma, abambo."

Anakalandira ndi manja awiri, n'kukagwira pafupi ndi nkhope ya mwanayo ngati akukapenda. Rakele sanachedwe. Anakatsomphola, kukafinya, n'kukalowetsa m'kamwa, dovu lili chuchuchu. Margareta anachedwa dala kumulanda, mtima ukumupweteka poona pepala lonyezimira pa nkhama za mwana wake.

"Iwe Rakele! Pepani, abambo, mwanayu alibe khalidwe."

"Musiyeni, wadya Khirisimasi yake." A Vinsenti anaseka mpaka kutsokomola. "Mundipangire kena, mayi. Ndidikira."

Anapanganso. Anatola zotsalira za katoni ya sopo, kuzilumikiza, kupinda, kumata, a Vinsenti akuonerera. Kanatuluka kopindika, koma anakalandira mokondwa, navala nsapato n'kumapita.

Mvula inawapeza akutsika mtunda. Pansi pa mtengo wa muwanga, Margareta anatulutsa kachisoti konyowa kaja m'chitenje n'kukafunyulula. Munalibe diso, munalibe khutu. Munali zilembo zofiira za sopo basi.

"Ndiye kuti mapepala aja onse akadali momwemo," anatero Agnesi chapansipansi.

"Ali momwemo mpaka tsiku la Mafumu Atatu. Tikamadzatsitsa, mudzabwere m'mamawa, wina asanatithandize."

"Nanga denga lija likadontha, phala n'kumasuka?"

Margareta anasuntha mwana kuti akhale bwino kumsana, namufunditsa chitenje kumutu. Kunyumba kunali kudikira madzi osatunga ndi nkhuku yosasosola.