Fumbi la M'chigayo cha Godwin

Ana anga awiri, Godwin ndi Dailes, akatha sabata osakangana ndimadziwa kuti wina wadwala. Ine sindileretsa ayi. Ndimangokoka mpando n'kumamvera.

Mkangano wa chaka chino unali wa fumbi. Godwin ali ndi chigayo kuno ku Lifuwu, chopuntha mpunga ndi kugaya chimanga. Dailes amayanika usipa pathandala kuseri kwa chigayocho. Fumbi limatulukira m'mawindo n'kukatera pausipa.

"Achimwene, ku Salima akundifunsa ngati ndimagulitsa usipa kapena madeya," anatero Dailes.

"Uziwauza kuti ndiwo ndi ufa akugulira kumodzi," anayankha Godwin.

Dailes anamulalatira mpaka kutukwana amene anamubala, kuiwala kuti ndine ndemwe.

Godwin atatopa anakhomera malata ndi masaka m'mawindo monse. Fumbi linasiyadi kutuluka, koma linayamba kuunjikana m'katimo, pamitengo ya denga, pamota, pamawaya. Ukalowa ngati walowa m'nkhungu. Dailes sanakhutire. Anapita kuboma kukamunenera mchimwene wakeyo kuti chigayo chikutsokomoletsa anthu. Ine mumtima ndinati eya, ifike patali.

Kunabwera mayi Lucy, oyendera chitetezo cha m'malo a ntchito. Anapeza chigayo chikulira, Twaibu wowotcherera zitsulo akukonzeka kumata chitsulo chomwe chinathyoka m'katimo.

"Bambo, zimitsani zonse, titulukire panja," mayiwo anauza Godwin.

Godwin anatuluka akung'ung'udza. "Amayi, m'menemu mulibe petulo. Ndi ufa ndi madeya basi. Chakudya n'kuphulika?"

Mayi Lucy sanalimbane naye. Anatapa fumbi lija, kuunjika pansi pabwalo, kuyatsa machesi. Linangofuka. Kenako anayatsa kandulo, kutiuza tisunthe, n'kuwaza kafumbi pang'ono pamwamba pa lawi. Moto unangoti phu, kukwera mpaka m'chiuno. Godwin anabwerera chafutambuyo mpaka kuponda bakha.

"Zimenezi musakayesere kunyumba," anatero mayiwo. "Fumbi likakhala pansi limangofuka. Likayandama mumpweya, m'nyumba yotseka, kamoto kamodzi n'kokwanira, kaya ka ndudu, ka waya wothetheka, kaya kowotcherera. Kuphulika koyamba kumagwedeza fumbi la kudenga lija, nalonso n'kuyaka. Kwachiwiriko n'kumene kumagwetsa makoma."

Ndinayang'ana khoma lakuseri la chigayocho. Ndi lomwe Dailes amatsamira akamasankha usipa, mdzukulu wanga ali kumsana. M'katimo mumakhala Godwin ndi amayi a pamzere ndi matumba awo. Apo mkangano unasiya kundikoma.

"Iwe Godwin," ndinatero, "malata akowo uzule lero. Iwenso Dailes, usaseke. Anakhomera chifukwa cha pakamwa pako."

"Nanga usipa wanga, amayi?"

Mayi Lucy anati fumbi lisathawire pawindo, lizidutsa m'paipi n'kukagwera m'thumba panja, mbali ina. Anawauzanso kuti azisesa tsiku lililonse makina atazima, pansi atawaza timadzi koma kutali ndi magetsi, osapemerera kapena kukuntha masaka m'katimo. Kudenga ndi pamota azipukutako. Chitsulo chothyoka chija Twaibu anachimasula, kukawotcherera panja pansi pa mtengo wa mango.

Thandala analisamutsira kumene kumachokera mphepo. Ananyamula awiri, munthu ndi mlongo wake, akukangana za amene wagwira mbali yolemera. Mayi Lucy atabweranso anapeza mawindo otsegula, denga loyera, ndudu ndi mbaula zoletsedwa m'katimo. Anati chigayo chipitirire.

Ine kusukulu sindinapite, koma ichi ndinachiona ndi maso. Fumbi la ufa, la mpunga, ngakhale la matabwa, limaphulika. Musalitsekere m'nyumba, musalilole kuunjikana, ndipo moto uliwonse uzikhala kutali nalo.